PHUNZIRO LA AKATEKISTI: Tanthauzo ndi Chiyambi cha Liu Lakuti "Agape"

Pa Chichewa pali liu limodzi, lakuti chikondi, limene lisenza katundu wolemera ndithu. Munthu anena kuti akonda nsima ya ndiwo za nsomba. Mai akonda mwana wake wa kumsana. Mnyamata auza mtsikana pa njira ya kuchitsime kuti amkonda. Ndipo pa Misa wansembe alalika kuti Mulungu akonda anthu onse. Liu ndi lomwelo, koma zinthu zimene liloza nzosiyana kutali.

Apa mpamene pagona bvuto la mkatekisti. Iye aphunzitsa kuti lamulo lalikulu ndilo chikondi, koma aliyense wa omvera amva za kumtima kwake. Wachinyamata aganiza za chibwenzi, ndipo ena afika ponena kuti chimene achita anthu awiri okondana sichingakhale tchimo. Wina aganiza kuti chikondi cha mzimu nchongokhala mumtima, chosasowa manja ndi miyendo, kotero kuti angathe kupempherera mnzake wanjala nkhokwe yake ili chitsekere. Onse awiri asokera. Malembo Oyera a Chipangano Chatsopano analembedwa m'Chigriki, ndipo liu limene alembi ake anasankha ponena za chikondi cha Mulungu ndilo agape. Kudziwa kumene liuli linachokera ndi mmene linapezera tanthauzo lake kuthandiza kuwongola maganizo onse awiri aja.

MAU ANAI A AGRIKI

Agriki akale anali ndi mau angapo pamene Achewa ali ndi limodzi. Loyamba ndi eros, ndiko kulakalaka kumene kukoka mwamuna kwa mkazi ndi mkazi kwa mwamuna, ndiponso kukhumba chinthu chokongola kuti chikhale chako. Lachiwiri ndi philia, ndiwo ubwenzi wa anthu ogwirizana mtima, amene adyera mbale imodzi nauzana zinsinsi. Lachitatu ndi storge, ndiko kukondana kwa pachibale, kwa kholo ndi mwana. Lachinai ndi agape, ndipo mwa onse anai limeneli ndilo linali losatchuka.

Liu limene anthu anzeru a ku Athens ankalilemekeza linali eros. Plato, amene anakhala moyo zaka pafupifupi 400 Kristu asanabadwe, analemba buku lotchedwa Symposium, mmene anayerekeza eros ndi makwerero. Munthu ayamba ndi kukonda thupi lokongola, kenaka azindikira kuti kukongola kwa mtima kuposa kwa thupi, napitirira kukonda nzeru ndi malamulo abwino, mpaka afika pa kukongola kwenikweni kosasinthika. Patapita zaka zambiri, wansembe wina wa ku Florence m'dziko la Italy, dzina lake Marsilio Ficino, anamasulira mabuku a Plato m'Chilatini, ndipo anasindikizidwa mu 1484. Iyeyu ndiye anayambitsa mau akuti "chikondi cha Plato," amene anthu a ku Ulaya atchula mpaka lero ponena za mwamuna ndi mkazi okondana popanda za thupi.

Ena ayesa kuti agape ndi chikondi cha Plato nchinthu chimodzi, popeza zonse ziwiri zitchedwa za mzimu. Si tero ai. Pa makwerero a Plato munthu ndiye akwera, kufunafuna chokongola chimene iye alibe. Pa agape Mulungu ndiye atsika, kufunafuna munthu amene alibe chokongola chilichonse chomkopera.

KUMENE LIULI LINACHOKERA

Agape atuluka ku mneni wakuti agapao, amene apezeka kale m'ndakatulo za Homer, mlakatuli wakale kwambiri wa Agriki. Kumeneko tanthauzo lake linali lofatsa: kulandira mlendo ndi manja awiri, kusamala munthu, kukhutira ndi chimene uli nacho. Linali liu lopanda moto wa eros, ndipo dzina lakuti agape silipezeka kawirikawiri m'mabuku a anthu akunja Chikristu chisanafike.

Liuli linakwera pa mpando m'mzinda wa Alexandria ku Ejipito. Kumeneko kunali Ayuda ambiri amene anali ataiwala Chihebri nalankhula Chigriki. Pakati pa zaka 300 ndi 200 Kristu asanabadwe, m'masiku a mfumu Ptolemy II, aphunzitsi a Ayuda anayamba kumasulira mabuku a Mose m'Chigriki, ndipo mabuku ena anatsatira pambuyo. Baibulo limeneli litchedwa Septuaginta, kutanthauza 70, chifukwa mbiri yakale inena kuti omasulirawo anali amuna 72.

Chihebri chifanana ndi Chichewa pa nkhani imeneyi, pakuti nacho chili ndi liu limodzi lalikulu, lakuti ahava, lonena za chikondi cha mtundu uliwonse. Omasulira aja anayenera kusankha liu la Chigriki loimirira ahava. Eros anamkana ndithu, kotero kuti m'Septuaginta yonse dzinali lipezeka kawiri kokha, m'buku la Miyambo. Anasankha agapao ndi agape. Lamulo lokonda Mulungu m'buku la Deuteronomo mutu 6, ndi lamulo lokonda mnzako m'buku la Levitiko mutu 19, onse awiri analembedwa ndi mneni ameneyu.

Komabe mkatekisti asafulumire kunena kuti liuli linali loyera chibadwire. M'Septuaginta momwemo, m'buku lachiwiri la Samuele mutu 13, chilakolako choipa cha Amnoni pa mlongo wake Tamara chitchedwanso agape. Chikondi cha mkwati ndi mkwatibwi m'Nyimbo ya Solomoni chitchedwa ndi liu lomwelo. Tsono pa nthawi imeneyo agape anali ngati mtsuko watsopano, woti munthu nkuthiramo madzi kapena mowa.

KRISTU ADZAZA MTSUKO

Akristu oyamba ankawerenga Septuaginta, ndipo atumwi polemba anatenga liu limene analipeza mmenemo. M'Chipangano Chatsopano dzina lakuti agape lipezeka koposa ka 100, pamene eros sapezeka nkamodzi komwe. Ngakhale kumeneko mneni uja atchulidwa nthawi zina pa zinthu zoipa. Yohane Woyera amgwiritsa nchito ponena za anthu okonda mdima, Luka Woyera ponena za Afarisi okonda mipando yaulemu, ndipo m'kalata yachiwiri kwa Timoteo atchulidwa pa Dema, amene anasiya Paulo chifukwa chokonda za pansi pano.

Izi zisonyeza kuti mphamvu ya agape sili m'malemba a liulo. Ili mwa Iye amene anaonetsa tanthauzo lake pa mtanda. Paulo Woyera, m'kalata yake kwa Aroma mutu 5, akumbutsa kuti nkwapatali munthu kufera mnzake ngakhale wolungama, koma Kristu anafera anthu akali adani a Mulungu. Yohane Woyera, m'kalata yake yoyamba mutu 4, aphunzitsa kuti woyamba kukonda ndi Mulungu, munthu asanachite kanthu, ndipo afika potchula Mulungu mwini ndi dzina limeneli. Kuyambira pamenepo liuli linakhala ndi nkhope. Wofuna kudziwa agape ayang'ane Ambuye Yezu akusambitsa mapazi a ophunzira ao, osalumpha ndi Yudasi yemwe.

Pa zimenezi pakuoneka zizindikiro zitatu za agape. Choyamba, ndiye ayamba: sadikira kuti mnzake amkonde kaye. Chachiwiri, sayang'ana ngati munthuyo ali woyenera: akonda wochimwa, wosauka, wonyozeka, ndi mdani yemwe. Chachitatu, adzipereka: afunira mnzake zabwino ngakhale mwini ataye pamenepo chuma, ulemu kapena moyo.

Nchifukwa chake Ambuye anatha kulamula chikondi. Palibe angalamule munthu kuti mtima wake udumphe poona mdani wake, pakuti kudumpha kwa mtima sikumvera lamulo. Koma kufunira mdani zabwino, kumpempherera ndi kumpatsa madzi ali ndi ludzu, zimenezi munthu angathe kusankha, chaulere cha Mulungu chikamthandiza. Paulo Woyera anamvetsa bwino zimenezi. M'kalata yake yoyamba kwa Akorinto mutu 13, pofotokoza agape m'ndime 4 mpaka 7, anandandalika aneni 15 a Chigriki motsatana. Onsewo ndi mau onena zimene chikondi chichita ndi zimene chikana kuchita. Kwa Paulo chikondi chidziwika ndi nchito zake.

Pali nkhani ina imene alaliki aikonda, ya m'Mthenga Wabwino wa Yohane mutu 21. Ambuye atauka kwa akufa anafunsa Petro katatu ngati awakonda. M'Chigriki, mafunso awiri oyamba ali ndi mneni wa agape, koma Petro ayankha ndi mneni wa philia, ndipo pa funso lachitatu Ambuye atenga liu la Petro lija. Ena aona pamenepa Ambuye akutsikira pa msinkhu wa Petro wofooka. Phunzirolo nlokoma, koma mkatekisti alinene mosamala, pakuti Yohane asinthasintha mau awiriwa kwinanso: pa mutu 3 anena za chikondi cha Atate kwa Mwana ndi liu loyamba, pa mutu 5 ndi lachiwiri. Chimene chili chachidziwikire m'nkhaniyi nchakuti yankho lililonse la Petro linatsatidwa ndi nchito yoweta nkhosa.

CHAKUDYA CHOTCHEDWA AGAPE

Umboni waukulu wakuti agape sanali chinthu cha mumtima mokha ndi uwu: Akristu oyamba anatcha chakudya chao cha pamodzi ndi dzina lomweli. Kalata ya Yuda Woyera itchula madyerero amenewa. Olemera ankabwera ndi chakudya chambiri, osauka ndi akapolo ndi chochepa kapena chimanjamanja, ndipo onse ankadyera pamodzi. Ku Korinto zinthu zinasokonekera: olemera ankayamba kudya okha mpaka kuledzera, osauka nkutsala ndi njala. Paulo anawadzudzula kolimba pa mutu 11 wa kalata yomwe ija, nawauza kuti ponyoza osauka anyoza Eklezia wa Mulungu. Nyimbo yotamanda chikondi ya pa mutu 13 inalembedwera anthu amenewa, amene analephera kugawana mbale.

Ignatius Woyera, Episkopi wa ku Antiokia, ali pa ulendo wokaphedwa ku Roma m'masiku a mfumu Trajan, analembera Akristu a ku Smyrna kuti agape asachitike popanda chilolezo cha Episkopi. Mu 197 Tertullian wa ku Carthage anafotokozera akunja mwambo wake: ankayamba ndi pemphero, kudya mokwanira njala basi, kuimba nyimbo, ndi kutsiriza ndi pemphero. Ananenanso za thumba limene Akristu ankasonkhamo mwezi ndi mwezi mwaufulu, lothandizira ana amasiye, okalamba, am'ndende ndi maliro a osauka. Pambuyo pake madyererowa analekanitsidwa ndi Ukaristia, ndipo msonkhano wa maepiskopi wa ku Laodicea, cha m'ma 363, unaletsa kuwachitira m'nyumba ya Mulungu. Mwambo unatha pang'onopang'ono, koma phunziro lake linatsala: amene alandira Thupi la Ambuye pa guwa sangathe kufulatira thupi la mbale wake wanjala.

KUCHOKA PA AGAPE KUFIKA PA CARITAS

Mthenga Wabwino utafalikira pakati pa olankhula Chilatini, omasulira anakumananso ndi bvuto lija. Liu lodziwika la Aroma linali amor, koma kwa ambiri linkanunkha za chilakolako. Tsono anasankha mau ena awiri, dilectio ndi caritas, ndipo Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgata, limene nchito yake anaiyamba Jerome Woyera mu 382 atapemphedwa ndi Papa Damasus, linasunga onse awiri. Caritas achokera ku carus, liu la matanthauzo awiri: wokondedwa, ndiponso wokwera mtengo. Pa nthawi ya njala Aroma ankatcha kudula kwa tirigu pa msika caritas. Liuli tsono lanyamula chenjezo mkati mwake, lakuti chikondi chenicheni chili ndi mtengo wake.

Augustine Woyera, Episkopi wa ku Hippo, amene anamwalira mu 430, anachenjeza kuti anthu asakangane pa mau, pakuti Malembo agwiritsa nchito mau onsewa pa zabwino ndi pa zoipa zomwe; chimene chisiyanitsa chikondi chabwino ndi choipa ndiko kumene mtima walunjika. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti caritas ndiwo ubwenzi wa munthu ndi Mulungu, umene Mulungu mwini auyambitsa. Potero Eklezia awerengera chikondi pamodzi ndi chikhulupiriro ndi chiyembekezo, monga mphatso zitatu zimene Mzimu Woyera athira mumtima pa Ubatizo. Munthu sazipanga ndi mphamvu zake.

Dzina lakuti Caritas linaperekedwanso ku bungwe la Eklezia lothandiza obvutika, limene wansembe Lorenz Werthmann analiyambitsa ku Germany mu 1897. Lero lili m'maiko ambiri, ndipo m'Malawi nchito yake igwiridwa ndi bungwe la CADECOM. Omasulira Baibulo m'Chichewa, a Buku Lopatulika la 1922, a Malembo Oyera a 1966 ndi a Buku Loyera la 1998, anatenga liu limene anthu anali nalo kale, la chikondi. Monga agape m'Alexandria, nalonso liyenera kudzazidwa ndi Kristu.

KODI CHIKONDI CHA MZIMU CHIDANA NDI THUPI?

Mu 1930 ndi mu 1936 mphunzitsi wa Mpingo wa Lutheran wa ku Sweden, Anders Nygren, anatulutsa buku la magawo awiri pa eros ndi agape, mmene anaziika ngati njira ziwiri zosakumana. Eklezia Katolika aphunzitsa mosiyanako. Papa Benedict XVI, m'kalata yake yoyamba kwa Eklezia yense, Deus Caritas Est, imene anaisaina pa 25 Disembala 2005, anafotokoza kuti munthu ndi thupi ndi mzimu pamodzi, ndipo akonda ndi zonse ziwiri. Eros sali woipa, pakuti Mulungu ndiye analenga mwamuna ndi mkazi. Koma eros wosaweteka ali ngati moto wa kutchire m'mwezi wa Okutobala. Asowa kuyeretsedwa ndi agape, kuti asiye kunena kuti "ndikufuna" nayambe kufunsa kuti "usowa chiyani."

Sukulu ya zimenezi ndi banja. Mnyamata ndi mtsikana akopana ndi maso, ndipo palibe cholakwa. Koma nkhope ichita makwinya, chuma chitha, matenda afika. Mwamuna amene atunga madzi ndi kuphika phala chifukwa mkazi wake wagona pa mphasa miyezi isanu ndi umodzi, amene akana uphungu wa abale omuuza kuti akatenge wina, ameneyo wafika pa agape, ngakhale sanamvepo liulo. Ndipo mnyamata amene auza mtsikana kuti asonyeze chikondi pochimwa naye, nkumthawa mimba itaoneka, sanakonde mtsikanayo konse, anadzikonda yekha.

MBONI YA KU AUSCHWITZ

Kumapeto kwa mwezi wa Julayi 1941, m'ndende ya Auschwitz imene boma la Hitler linamanga m'dziko la Poland, mkaidi wina anasowa. Asilikali anasankha amuna 10 kuti afe ndi njala pobwezera. Mmodzi wa iwo, Franciszek Gajowniczek, analira potchula mkazi wake ndi ana ake. Pamenepo mkaidi nambala 16670, wansembe wa chipani cha Fransisko Woyera, Maximilian Kolbe, anatuluka pa mzere napempha kuti afe m'malo mwake. Anamlola. M'chipinda cha njala anatsogolera anzake m'mapemphero ndi nyimbo, ndipo patapita milungu iwiri, akali moyo, anambaya jakisoni wa chiphe pa 14 Ogasiti 1941. Papa John Paul II anamlengeza woyera pa 10 Okutobala 1982, ndipo Gajowniczek anali pomwepo pa bwalo la Petro Woyera. Anakhala moyo mpaka 1995.

Munthu uja sanali mbale wa Bambo Kolbe, kapena bwenzi la pamtima, ndipo analibe chombwezera. Storge, philia ndi eros sangafotokoze chimene chinachitika pa mzere paja. Ndiponso chikondi chimenechi, chimene chitchedwa cha mzimu, chinalipiridwa ndi thupi.

AGAPE PA MUDZI

Makolo akale anasiya miyambi yabwino ya kuthandizana. Anati kupatsa nkuika; anatinso mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Nzeru imeneyi yasunga midzi pa njala ndi pa maliro, ndipo Mkristu sayenera kuinyoza. Koma m'miyambi yonse iwiri muli mawa: munthu athandiza podziwa kuti tsiku lina adzathandizidwa. Agape apitirira pamenepo. Azimira ndevu za munthu amene sadzatha kuzima za wina aliyense, ndi za munthu amene dzulo anaseka zako zikupsa.

Pa mudzi uliwonse alipo anthu amene mwambi wa kubwezerana suwafikira: nkhalamba yopanda mbumba imene ena aitcha mfiti, wamisala wa pamsika, mlendo wa chilankhulo china, wam'ndende amene abale ake achita naye manyazi. Mphakati umene ufuna kudziyesa ngati uli ndi agape usawerenge anthu obwera ku mapemphero okha. Ufunse amene anafolera denga la nkhalamba ija mvula isanagwe. Pa Mateyo mutu 25 Ambuye ananeneratu kuti chiweruzo chomaliza chidzayenda pa chakudya, madzi, chobvala, ndi kuyendera odwala ndi am'ndende.

Ambiri sadzaitanidwa kutuluka pa mzere monga Bambo Kolbe. Koma Mkristu aliyense wobatizidwa analandira mbeu yomweyo, ndipo ikula ndi Ukaristia, ndi Sakramenti la Kulapa, ndi nchito zazing'ono za tsiku ndi tsiku zochitira munthu wosabweza.

MAFUNSO A PA MSONKHANO

1. Mau anai a Agriki onena za chikondi ndi ati, ndipo lililonse litanthauza chiyani?
2. Baibulo la Septuaginta linamasuliridwa kuti, ndipo linachita chiyani ndi liu lakuti agape?
3. Chikondi cha Plato chisiyana bwanji ndi agape?
4. Paulo Woyera anadzudzuliranji Akristu a ku Korinto pa chakudya chao cha pamodzi?
5. Mkatekisti angamuyankhe bwanji wachinyamata wonena kuti pamene pali chikondi palibe tchimo?
6. Pa mudzi uno ndani amene alibe wombwezera, ndipo Mphakati umchitira chiyani mwezi uno?